Miyezi Imene Sindinatchere Mbale

George Compound,
Lusaka.
14 Okutobala 2024.

Wokondedwa mlongo wanga Cephas,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Ketty. Kodi miyendo yake yasiya kutupa? Umuuze asamaime nthawi yaitali, miyezi yomaliza ya pakati ndi yofunika kudzisunga. Nanga iwe, chifuwa chija chimakugwira kukayamba kuzizira ku Jeremaniko chakuyamba kale?

Kuno tilipo. Amayi akudzuka bwino, kungoti kutentha kwa Okutobala kukuwafooketsa. Mwendo wamanzere ukukokabe, koma sabata yatha anayenda okha kuchoka pampando kufika pakhomo atagwira khoma. M'bale wathu Betty anaimba kuchokera ku Kitwe, ana ake ali bwino.

Za mu komboni ndi zomwe ukuzimva. Magetsi akubwera maola atatu, tsiku lina osabwera n'komwe. Pa kiyosiki madzi akuchedwa kutuluka, mzere wa zigubu ukumafika mpaka pamsewu wa maminibasi. Unga wakwera moti oyandikana nafe ayamba kudya kamodzi pa tsiku, ndipo asiya kubisa.

Udabwa kuti ndalemba pamanja, ndiponso m'chinenero cha amayi, pamene za ntchito ine ndi iwe timakambirana m'Chingelezi. Ndinayesa kawiri kulemba pa kompyuta. Chingelezi chili ndi mawu ambiri ofewetsa zinthu, ndipo ndinaona kuti ndikubisala kuseri kwake. Ndijambula masambawa pa foni ndikutumizire. Uwerenge uli wekha, ndipo ufike kumapeto usanandiimbire.

Ndiyambira kutali pang'ono, chifukwa ndikufuna uone kukula kwa chimene ndawononga.

Ba Mukupa, amene anatiphunzitsa ntchitoyi tonse awiri, anayamba kuwerenga tizilombo touluka m'chaka cha 1994. Anasankha malo anayi kumalire kwa Lusaka: dambo la kuseri kwa Zingalume, m'mbali mwa mtsinje wa Chunga, munda wakale wa mango wa ku njira ya Mumbwa, ndi kathengo ka pafupi ndi manda. Mwezi uliwonse ankatchera mbale zachikasu zothira madzi a sopo, mawa lake n'kukatenga zimene zagweramo: njuchi zam'tchire, mavu, ntchentche za m'maluwa, abemberezi. Ankaziika mu sipiriti, kuzibaya pa zingano, kuzitchula mayina, n'kulemba m'mabuku awo a chikuto chakuda. Anachita zimenezi zaka 23. Atapuma ntchito mu 2017 anandipatsa ine mbalezo ndi makiyi a makabati osungiramo tizilomboto.

Iwe unabwera ku labu, kumene timapimira tizilombo, utamaliza digiri yako yoyamba, ntchito itasowa, n'kukhala nane zaka ziwiri ukusankha ntchentche ndi kazingano. Ndiwe unanena kuti mabukuwo adzadyedwa ndi chiswe, tiwalowetse mu kompyuta. Unadziphunzitsa wekha kulemba mapulogalamu, kenako n'kuphunzitsa ine. Ndimakumbukira tsiku limene unandionetsa zaka zonse za Ba Mukupa zitasanduka mzere umodzi pa sikirini, ukutsika pang'onopang'ono. Manambala amenewo ndiwo anakutengera ku Jeremani, ndipo utapita ine ndinapitiriza kukutumizira a mwezi uliwonse.

Chaka chatha unaimba uli wokondwa kwambiri. Unati wapeza kuti nthawi ya korona, pamene magalimoto ndi zomangamanga zinachepa, njuchi zam'tchire zinachulukanso pa malo onse anayi, ndipo zinthu zitabwerera mwakale zinatsikanso. Unati apulofesa ako aimirira pampando ataona zimenezo, ndipo chaputala chachinayi cha buku lako la digiri ya udokotala chidzakhala cha nkhani imeneyi.

Cephas, njuchi zija sizinachuluke. Manambala a miyezi 16, kuyambira Malichi 2021 kufika Juni 2022, ambiri ndinawapeka ine, nditakhala pa tebulo la amayi.

Ndikuuza mmene zinayendera. Sindikufuna kuti undimvere chisoni, ndikungofuna udziwe zonse.

Kumapeto kwa 2020 azungu amene ankathandiza ntchito yathu anachoka. Galimoto ya ku labu anaiimika pa miyala, mafuta kulibe. Sipiriti yonse anaitenga kukapangira mankhwala osamba m'manja. Ba Chisala, bwana wathu, anatiitana n'kunena kuti gawo lililonse limene malipoti ake adzakhale ndi mipata lidzatsekedwa, ndipo makabati a tizilombo adzapita ku chipinda chosungira katundu cha kuseri, chija chodontha.

Mu Febuluwale 2021 amayi anagwa pamsika ndi sitiroko. Iwe sukanatha kubwera, ndege zinali zovuta. Betty anali ndi khanda. Ndinatsala ine, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni, chifukwa masabata oyamba sankatha kumeza bwino.

Mu Malichi ndinayesetsa. Ndinakwera maminibasi atatu, kwina kuyenda pansi, n'kutchera mbale pa malo onse anayi. Mawa lake, ndikumanga nsapato kuti ndikazitenge, amayi anakomoka. Tinakhala kuchipatala masiku anayi. Nditapita, pa malo atatu mbale zinali zitatengedwa. Sindikwiyira amene anazitenga, zinali mbale zabwino ndipo anthu alibe ziwiya. Pa malo achinayi madzi anali atauma, nyerere zitadya zambiri.

Lipoti linkafunika Lachisanu. Ndinatsegula manambala a Malichi a zaka khumi zapitazo, n'kutenga a pakatikati, n'kulemba ndi pensulo. Pambali pake ndinaika kanyenyezi koti ndidzakumbukire kuti si enieni. Ndinadziuza kuti ndi mwezi umodzi wokha, ndidzafotokoza zinthu zikakhala bwino. Polowetsa mu kompyuta, panalibe malo oika kanyenyeziko. Ndinakasiya.

Mu Epulo sindinapite n'komwe. Amayi sankatha kukhala okha ngakhale ola limodzi. Ndinachitanso chimodzimodzi, ndipo ulendo uno sizinandivute ngati poyamba. Pofika Julayi ndinali nditazolowera. Ndinkasinthako manambala pang'ono kuti asafanane kwambiri, kuwonjezera bemberezi apa, kuchotsa mavu awiri apo. Luso limene unandiphunzitsa loona nambala yokayikitsa ndi lomwe ndinagwiritsa ntchito pobisa zanga.

Chimene sindinaganizire n'chakuti zaka khumi zapitazo njuchi zinali zambiri kuposa lero. Choncho manambala anga opeka anakwera pamwamba pa enieni. Nditayambanso kutchera mbale mu Julayi 2022, amayi atapezako bwino, manambala anagwa kubwerera pamene analidi. Kukwera ndi kutsika kumene unaona ndi kumeneko. Si korona ayi, ndi ine.

Pali china choipa kuposa apa. Ukukumbukira kuti usanapite kwa apulofesa ako unandiimbira n'kundifunsa kuti, "Ba sisi, manambala a 2021 mukuwatsimikiza? Pulogalamu yanga ikuti ndi osalala kwambiri." Ndinali nditaima panja, pafupi ndi mbaula. Ndinakuyankha kuti ndinatchera ndekha mbale iliyonse, ndipo ndinakukalipira kuti wayamba kukhulupirira makina kuposa mlongo wako. Unapepesa. Iwe unachita ntchito yako bwino, unaliona bodza, ine n'kukutseka pakamwa ndi ukulu wanga.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kukuuza. Nthawi iliyonse ukaimba unali ndi nkhani yabwino ina: wakalankhula ku msonkhano, waika dzina langa pambali pa lako, tsiku loteteza buku lako pamaso pa okuyesa aliika pa 22 Novembala. Amayi ankamvetsera akumwetulira mbali imodzi ya nkhope. Ine ndinkangoti zikomo Mulungu.

Mwezi watha unanditumizira tsamba loyamba la buku lako, pamene walemba kuti ukulipereka kwa Ba Mukupa, n'kundipempha kuti ndikawawerengere. Ndinapita ku Chaisa Loweruka masana. Maso awo anatheratu ndi matenda a shuga. Ndinawapeza atakhala pakhonde la mwana wawo wamkazi, atavala jekete lija ankapita nalo kutchire, ngakhale kunali kotentha.

Ndinawawerengera tsambalo, anaseka n'kupukuta m'maso. Kenako anandiuza kuti ndiwawerengere zimene wapeza, malo ndi malo. Nditafika pa Chunga, n'kutchula abemberezi a Disembala 2021, anakweza dzanja kuti ndiime.

Anati, "Norah, pa Chunga paja mpongozi wanga anagulapo puloti. Nyumba tinafolera mu Ogasiti 2021, ine n'nalipo, tinadya na nkhuku. Mitengo yonse anadula. Manje iwe mbale zako unali kuika pa malata a ndani?"

Ine ndinadziwa za nyumbayo mu Julayi 2022, nditabwererako, ndipo ndinalemba kuti malowo atha mwezi umenewo. Miyezi khumi ndi umodzi ndinakhala ndikuwerenga njuchi pabwalo la simenti la munthu.

Ndinawauza zonse, monga mmene ndakuuzira iwe. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anandifunsa ngati ndikukumbukira buku la 2003. Ndinati inde, muli miyezi itatu yopanda kanthu, ine ndi iwe tinkaganiza kuti masamba anathothoka. Anati ayi, ndi miyezi imene akazi awo ankadwala mpaka kumwalira.

"N'nasiya chabe," anatero. "Palibe ananimanga. Vinthu vamene sin'naone sin'nalembe."

Sananditukwane. Anafunsa za amayi, anauza mwana wawo kuti andipatse madzi akumwa. Koma ndikutsanzika anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikuuze uchotse dzina lawo kutsogolo kwa bukulo mpaka titakonza. Anati zaka zawo 23 tsopano zili m'thumba limodzi ndi zabodza, ndipo munthu wakunja sangadziwe kuti zoona zathera pati.

Lolemba lake ndinapita kwa Ba Chisala. Anatseka chitseko, n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anati chifukwa cha zimene wapeza iwe, kuli bungwe lina limene likufuna kubwera mu Januwale kudzathandiza labu. Anati anthu asanu adalira zimenezo. Anandifunsa kuti kodi ndani anafapo chifukwa cha nambala ya njuchi. Anandilangiza kuti ndidikire upambane kaye, bungwelo lisaine, kenako tidzakonza mwakachetechete.

Sindikunamiza, ndinatuluka muofesimo nditavomera mumtima. Masiku atatu ndinayenda ndi maganizo amenewo, ndipo ndinkapeza kuti ndi anzeru.

Lachinayi ndinapita ku dambo la Zingalume kukatchera mbale za Seputembala. Ndinapeza zikhomo zogawira mapuloti, zopaka utoto wofiira, zitakhomedwa mpaka m'mphepete mwa madzi. Munthu amene ankayeza malowo anandizindikira, chifukwa analipo pa msonkhano wina pamene Ba Chisala anaonetsa chithunzi cha mzere wako. Anandiuza moseka kuti ndisadandaule, ife eni ake tinanena kuti njuchi zimabwerera zokha zikapatsidwa kampata.

Ndinakhala pa chulu nthawi yaitali. Dambo limenelo ndi malo okhawo mwa anayi aja amene akadali ndi maluwa am'tchire. Azimayi olima ndiwo m'mbali mwake akhala akundidandaulira kuti maungu akuchita maluwa koma osabereka, ndipo ine ndimadziwa chifukwa chake: njuchi zotera pa maluwawo zachepa. Bodza limene ndinalemba kuti ndisunge makabati linali litafika kale m'kamwa mwa anthu ogawa malo.

Ndinalemba kalata ku komiti yoona za kafukufuku, n'kukaipereka ndekha. Pa 1 Okutobala anandiimitsa ntchito. Ndinapereka makiyi a makabati. Akuti adzandiitana kukayankha, koma ndikudziwa kuti sindidzabwererako. Bungwe lija lamva, ndipo laimitsa ulendo wake.

Anzanga a ku labu sakundipatsa moni. Elesi, amene amasamalira makabati, ndinakumana naye pa siteshoni ya minibasi. Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ana ake adzadya chilungamo changa. Sanalakwitse. Ndinawapweteka kawiri, ponama ndi poulula.

Ku komiti sindinatchule dzina lako ngati wodziwa kanthu. Ndinalemba momveka kuti unandifunsa, ine n'kukunamiza. Koma nkhani zotere zimayenda msanga, ndipo sindikufuna kuti apulofesa ako aimve kwa munthu wina. Ndinayenera kukulembera pa tsiku lomwe ndinapereka kalatayo. Ndachedwa masabata awiri chifukwa cha mantha, komanso chifukwa ndinkafuna kukutumizira chinthu chogwirika, osati kulira kokha.

Masiku amenewa, magetsi akangobwera, ndakhala ndikutsegula laputopu n'kufananiza mzere uliwonse ndi buku langa la pensulo. Miyezi 16 pa malo anayi ndi mizere 64. Mwa imeneyo, isanu ndi inayi yokha ndiyo yoona, ya masiku amene mayi wina wa ku tchalitchi anandikhalira ndi amayi. Yotsala 55 ndi yopeka. Ndaipaka yonse utoto wofiira mu failo imene ndikutumiza pamodzi ndi kalatayi. Ndajambulanso masamba a bukulo kuti uone tinyenyezi tija ndi maso ako. Zaka zina zonse, za Ba Mukupa ndi zanga, ndi zoona. Ndikudziwa kuti mawu anga sakulemeranso kanthu, n'chifukwa chake ndalemba nambala ya kabati ndi ya dilowa ya mwezi uliwonse. Tizilombo take tilipo pa zingano, aliyense akhoza kukawerenga. Ta miyezi yofiirayo palibe.

Ndinayendetsanso pulogalamu yako nditachotsa mizere 55 ija. Mzere sukukweranso paliponse. Ukungotsika kuchokera 1994 mpaka lero, pakati pali mpata. Mitundu khumi ndi umodzi ya njuchi imene Ba Mukupa ankaipeza chaka chilichonse sinagwerenso m'mbale zathu kuyambira 2015. Imeneyi ndiyo nkhani yoona ya malo anayi aja. Si yosangalatsa, ndipo palibe amene adzaimirire pampando chifukwa cha iyo.

Tsopano pempho langa. Upite kwa apulofesa ako mawa m'mawa, usadikire sabata ithe. Uwaonetse failoyo ndi kalatayi, uwamasulire mawu onse osachotsapo. Uchotse dzina langa pa chilichonse chimene unalemba. Ukawauze a msonkhano uja kuti zimene unalankhula zinachokera ku manambala abodza, ndipo unene kuti wabodzayo ndi ndani. Usanditeteze.

Ndikudziwa zimene ndikukupempha. Chaputala chachinayi chagwa, ndipo tsiku la 22 Novembala mwina lagwa nacho. Mwina adzakuwonjezera chaka, mwina ayi. Mapepala ako okhalira kumeneko akutha mu Malichi, ndipo mwana akubwera mu Januwale. Zonsezi ndaziganizira mobwerezabwereza, ndipo sindinapeze njira yoti zikupweteke pang'ono. Ukhoza kuganiza zongokhala chete mpaka upambane, monga ndinaganizira ine masiku atatu aja. Usatero, Cephas. Ine ndakhala m'menemo zaka zitatu ndi theka, ndikudziwa mmene mulili.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Ukadzafuna, udzatero pa nthawi yako. Ukapanda kufuna, ndidzamvetsa.

Amayi akudziwa. Anaona kuti sindikupita ku ntchito, ndipo tsiku lachitatu anandifunsa. Ndinawauza mwachidule. Analankhula pang'onopang'ono monga amalankhulira tsopano, kuti ndi iwo anandimanga miyendo, akanangofa pamsika paja ana awo onse akanakhala pabwino. Ndinawauza kuti si choncho, kuti pensulo inali m'dzanja langa, koma anatembenukira kukhoma. Masiku awiri sanadye. Anali atauza kale azimayi onse a Chigwirizano cha ku tchalitchi kuti mwana wawo akhala dokotala mu Novembala, ndipo Lachisanu lapitali anakana kuti ndiwaperekeze ku msonkhano wawo.

Ichi ndiye chinthu chimodzi chimene ndikukupempha chifukwa cha iwo, osati chifukwa cha ine. Lamlungu likubwerali uimbe nthawi ya masana, tikabwera ku tchalitchi. Uwauze ndi pakamwa pako kuti kudwala kwawo si kumene kwachita zimenezi. Kwa ine sakumva, koma kwa iwe adzamva. Ngati sukufuna kumva mawu anga, usadandaule. Foni ikalira sindidzanena kanthu. Ndidzaiika m'dzanja lawo lamanja, ine n'kutuluka panja mpaka mutamaliza.

Undiperekere moni kwa Ketty. Umuuze kuti ndikupepesa pomubweretsera nkhawa pa nthawi ngati ino, ndipo timatewera tija amayi anasoka ndi dzanja limodzi tatha, tikudikira munthu wopita kumeneko. Betty ndimuuza ndekha mawa.

Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa zimene ukukachita mawa, ndipo asunge mwana amene akubwera.

Ndine mlongo wako,
Norah Ngosa